Jaji wa Chipani Choluza

A Kalimanjira tinawaika mu Epulo, nthawi imene mitengo ya kuno imachita maluwa aliyense n'kumangoyetsemula. Anagona m'manda a kufupi ndi Upper Marlboro, kuno ku Maryland m'dziko la Amereka, monga anafunira eni ake. Abale a ku Ntcheu analimbana nafe pa foni kuti mtembo upite kumudzi, koma akazi awo, a Nabanda, anangobwereza zimene malemuwo ankanena ali moyo, kuti munthu amagona kumene ankavota. Anthu anadzaza tchalitchi mpaka ena kuima panja. Ine nditayang'ana khwimbi lija ndinaseka chamumtima, pakuti ambiri mwa amene ankalira mokweza ndi omwe aja amene kwa nthawi ndithu sankawapatsa moni bambowa.

Mlandu wawo unali umodzi wokha. Analembetsa ku chipani chofiira.

Kwa inu amene simunakhaleko kuno, ndifotokoze pang'ono. Pulezidenti wa Amereka sasankhidwa pongophatikiza mavoti a dziko lonse. Dzikoli linagawidwa m'zigawo zimene amati masteti, ndipo pafupifupi paliponse wopambana m'steti amakolola zonse za stetiyo, woluza n'kuchoka chimanjamanja. Zipani zazikulu ndi ziwiri, ndipo pa mapu a pa TV china amachipaka buluu, china chofiira. Masteti ena amasinthasintha ngati bilimankhwe, ndipo kumeneko ndiye ofuna mpando amapezekako tsiku ndi tsiku, kunyamula makanda ndi kudya nawo m'malesitilanti. Ena sasintha. Kuli masteti amene akhala ofiira kuyambira ana athu asanabadwe. Maryland ndi wa buluu, mzinda wa Washington ndi wa buluu, ndipo boma lathu la Prince George's ndiye musachite kufunsa. Ife Amalawi zimenezi si zachilendo. Nafenso tili ndi maboma kumene ngakhale chitsa mutachiveka nsalu ya chipani chimapita ku nyumba ya malamulo.

Chifukwa cha ichi, anzathu amene anatenga unzika anagawikana pawiri. Ena sankavota n'komwe, ati zinatha kale, munthu angatayirenji tsiku la ntchito. Ena ankakwera mabasi Loweruka kupita ku Pennsylvania kukagogoda m'makomo mwa eni, chifukwa kumeneko ndiye voti inali ndi mano. Mtsogoleri wa gulu lachiwirili anali Mayi Tembo, mzimayi wa ku Zambia wogwira ntchito ku banki ina yaikulu ku Foggy Bottom mumzinda wa Washington, wamtali, wanzeru, ndiponso wosazolowera kutsutsidwa. A Kalimanjira sanali mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Iwo anabwera kuno ali dalaivala wa banja lina la ku ofesi ya kazembe. Banjalo litabwerera kumudzi iwo anatsala, anavutika ndi mapepala mpaka zinatheka, kenako anayendetsa basi ya mumzinda kufikira atapuma. Anali afupiafupi, a kamimba kakutsogolo, ndipo sindinawaonepo opanda tayi, ngakhale potchetcha kapinga. Pamutu sipankachoka chipewa chakhonde chotuwa. Mukawaitana ku nkhomaliro ankafika inu musanasambe, n'kudikira m'galimoto pakhomo panu kuti muchite manyazi bwinobwino. Anali ndi mwano wa anthu osunga nthawi, ndipo ndinakanganapo nawo kangapo pa nkhani imeneyi, osapambana.

Koma ntchito imene tinkawadziwa nayo inali ya unkhoswe. Kuno amalume ndi osowa. Mnyamata akapeza mbeta amayang'ana uku ndi uku, abale ake onse ali kutsidya la nyanja, ndiye ankathamangira kwa a Kalimanjira. Maukwati ambiri a Amalawi ndi Azambia a m'dera lino anadutsa m'manja mwawo. Banja likagwedezeka ankalowererapo, koma sankayamba kumva nkhani mbali inayo isanafike. Mukhoza kulira pa sofa pawo mpaka kutupa maso, iwo ankangokupatsani tiyi. Ankakonda kunena kuti ukwati wokhala ndi ankhoswe a mbali imodzi si ukwati, ndi kuba mkazi, ngakhale mkaziyo atakhala kuti akufuna yekha.

Mawu amenewa anawatengera ku chisankho. Kuno anthu ogwira ntchito pamalo ovotera amawatcha majaji a chisankho, ndipo bambowa dzina limeneli linawakomera ngati uchi. Munthu amene moyo wake wonse ankauzidwa poima ndi belu la apaulendo anali jaji, ngakhale kwa tsiku limodzi. Anayamba ngati jaji wamba pa sukulu ya pulaimale imene timavotera, kulondolera anthu ndi kugawa timasitika tosonyeza kuti munthu wavota. Kumeneko anaona chinthu chimene chinawasowetsa mtendere. Malamulo amafuna kuti pamalo ovotera pakhale majaji a mbali zonse, ndipo akuluakulu awo amakhala awiri, osachokera chipani chimodzi. Koma m'boma lathu anthu ofiira ndi osowa ngati mvula ya m'chilimwe, ndipo chisankho chilichonse a ku ofesi ya chisankho ankavutika kupeza wokhala pa mpando wachiwiriwo. A Kalimanjira anaganiza, anapemphera, anapita kukasintha kalembera wawo.

Tinazimva kwa eni ake, pa pikiniki yokumbukira ufulu wa dziko lathu mu Julaye. Mayi Tembo ankayendera matebulo kukopa anthu a mabasi awo.

"Ba Kalimanjira, this year mukwera naife. Pennsylvania, October. Driver ngati imwe tikufunani."

"Zikomo mayi, koma ine ntchito yanga ili konkuno."

"Kuno kuli chani? Maryland ni blue, nkhani inasila kudala."

"Ngati inatha kale, pafunika mboni yoti inathadi bwino," anatero a Kalimanjira, akupukuta zala ndi kapepala. "Komanso basi yanuyo sindingakwere. Ine ndinalembetsa kofiira."

Mnyamata amene ankaotcha nkhuku anaiwala kutembenuza mpaka zinapserera.

"Mwafuntha?" anafunsa Mayi Tembo motsitsa mawu. "Munthu wakuda, immigrant, na accent yanu iyo? Muganiza bakufunani kuja?"

"Sindinafunse ngati akundifuna. Mpando unali wopanda munthu."

Sindikunena kuti anthu analibe chifukwa chokwiyira. Ambiri tinali ndi abale amene mapepala awo sanalongosoke, ndipo zolankhula za andale ena a mbali ijayo zinkatigonetsa ndi mantha. Koma zimene zinatsatira zinandinyansa, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira mtima umawira. Moni unasanduka wa m'mphuno. Pa gulu lathu la pa foni anawachotsa mwakachetechete. Tikatuluka m'mapemphero n'kupita ku holo kukamwa tiyi, iwo ndi a Nabanda ankakhala okha pa tebulo la kukhomo, anthu amene anawamangira mabanja akudutsa ngati aona ngongole. Anyamata anayamba kusaka ankhoswe ena. Chimene chinawalasa kwambiri chinali cha Madalitso, mnyamata amene anafikira m'nyumba mwawo pobwera ku sukulu ndipo ankamutenga ngati mwana wawo. Iye anatomera Taonga, mwana wa Mayi Tembo, ndipo mayiwo ananeneratu kuti nkhoswe yofiira siponda pakhomo pawo. Ukwati unaima. A Nabanda anandiuza kuti masiku amenewo bambowa ankangotola chakudya ngati mbalame, koma tayi sanasiye kumanga.

Sanapepese, ndipo sanadzifotokoze pagulu. Amene tinkapitabe kunyumba kwawo ndi amene tinamva za msika wa ku Ntcheu. Ali mnyamata, nthawi ya chipani chimodzi, anaperekeza amayi awo kukagulitsa mbatata, ndipo pachipata anawabweza chifukwa analibe khadi la chipani. Anasenza mbatata zija kubwerera nazo kumudzi, anthu onse a pamsika atayang'ana kumbali. Ankati chimene anaopa kuyambira tsiku limenelo si mtundu wa nsalu ya chipani, koma chipinda chimene aliyense akugwedeza mutu kuvomereza. Ankatinso wopambana amene palibe mdani wake anamuona akupambana amakhala ngati wadya mobisa. Ine ndinawauza kuti zimenezo n'zabwino koma sizikwatitsa Madalitso. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nandifunsa ngati ndikufuna tiyi wina.

Tsiku la chisankho linafika, Lachiwiri lozizira la mu Novembala. Ndinapita m'mawa ndisanalowe ntchito. Timavotera m'holo ya masewera ya sukulu ija, mmene mumanunkha mphira ndi sopo wokolopera. Pa tebulo la majaji akuluakulu panali mipando iwiri yachitsulo yopinda. Pa umodzi panakhala Mayi Dawson, mphunzitsi wopuma wobadwira konkuno, jaji wa buluu. Pa winawo panakhala chipewa. A Kalimanjira sankakhala pansi tsiku la chisankho. Ankati anakhala zokwanira pa chiwongolero, ndiye mpando ankausiyira chipewa, iwo n'kumazungulira m'holomo manja ali kumbuyo.

Kutsogolo kwanga pamzere kunali Mayi Tembo ndi amayi awo. Ambuyawo anachokera ku Chipata kalekale kudzalera zidzukulu, ndipo anali atangolandira unzika. Mwana wawo anawauza kuti akhoza kuvota pa positi, komanso kuti voti ya ku Maryland siisintha kanthu, koma iwo anakakamira kudzaponya ndi dzanja lawo. Anavala chitenje chatsopano pamwamba pa jekete la nyengo yozizira, duku lomanga mwaluso, ngati akupita ku ubatizo.

Tsiku limenelo kunabweranso monita wa chipani chofiira, bambo wachizungu wa jekete lachikopa wochokera kudera lina. Malamulo amalola mamonita kukhalamo, ndipo ambiri amangokhala phee n'kumaonerera. Uyu anabwera atamva kale mumtima mwake kuti pamalo pamene chipani chake chimaluza chonchi payenera kuti pali chinyengo.

Ambuya anafika pa tebulo. Mtsikana wa pa makina a kalembera anawafunsa dzina, anayankha. Anawafunsa kumene amakhala, anayankha. Anawafunsa tsiku lobadwa, ndipo apo ndiye panavuta. Tsiku lolembedwa m'mapepala mwawo anachita kuwapatsa a ku ofesi ya mapasipoti, monga zinachitikira makolo athu ambiri, ndipo iwo sanalisunge kumutu. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Niuze chani? Ine ninabadwa nthawi yokolola."

Mayi Tembo anayamba kuwakumbutsa, ndipo monita uja anadzuka. Analankhula mokweza m'Chingerezi kuti akutsutsa, kuti munthu wosadziwa tsiku lake lobadwa sangakhale mwini dzinalo, ndipo kuti pano anthu akuuzana mayankho m'chilankhulo chachilendo. Mayi Tembo anamuyankha ndi Chingerezi cha ku banki, chakuthwa bwino, koma kukuwa kwa awiriwo kunangowaopseza ambuya. Anagwira mkono wa mwana wawo.

"Tiye kunyumba, mwana wanga. Bazanimanga. Siya chabe."

Ndinacheuka. Kumbuyo kwanga banja lina la ku West Africa linali litachoka pamzere, likulowera kukhomo. Mnyamata wina wovala yunifolomu ya kuchipatala anawatsatira. Onsewo anali nzika, apo ayi sakanabwera, koma mlendo ndi mlendo, akamva fungo la mlandu amayamba wathawa. Mayi Dawson anabwera kudzafotokoza malamulo, koma monita anawadula. Anati sakufuna kumva kwa jaji wa buluu, pakuti onse ndi amodzi. Anati amuitanire jaji wamkulu wa chipani chake.

A Kalimanjira anali atafika kale, ataima pambali pake, mutu wawo ukulekeza paphewa la bamboyo.

"Ndine amene," anatero m'Chingerezi chawo cha ku Ntcheu.

Bambo uja anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi. Anayang'ana Mayi Dawson, ndipo iwo anangogwedeza mutu kuti eya, ndi omwewo.

A Kalimanjira anamusiya ali chiimire, napita kwa ambuya. Anawerama pang'ono, manja pamodzi, ngati ali pabwalo la kumudzi.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Nauka bwino, tate, koma nachita mantha."

"Palibe akumangeni pano. Mukamangidwa inu ayambe amanga ine. Kachiphaso kanu ka chithunzi kaja muli nako?"

Anali nako, atakakulunga m'kampango mkati mwa chikwama. A Kalimanjira anakalandira ndi manja awiri, anakaonetsa kwa Mayi Dawson, kenako kwa monita, ndipo anamufunsa mwaulemu ngati nkhope ya pa chithunzi ikusiyana ndi ya mayi ali apawa. Sinasiyane. Anamuuza kuti ufulu wake wotsutsa waugwiritsa ntchito, yankho walipeza, tsopano akhale pansi ndipo asalankhulenso ndi wovota aliyense. Zikanathera pomwepo, koma bamboyo manyazi anamuyendetsa. Anatembenukira kwa mayi wina wa mpango kumutu amene anali pambuyo panga, nayamba kumufunsa kumene anabadwira.

Apo a Kalimanjira anayenda kupita pa mpando wawo, natenga chipewa, nachivala. Amene tinkawadziwa tinadziwa kuti zatha. Ananong'onezana ndi Mayi Dawson, ndipo awiriwo, wa buluu ndi wofiira, anamuperekeza bambo uja mpaka pakhomo. Sakanatha kukadandaula kuti amuthamangitsa adani, pakuti amene anamutsegulira chitseko anali wa chipani chake.

A Kalimanjira sanabwerere nthawi yomweyo. Tinawaona pa zenera akuthamanga kathamangidwe ka nkhalamba pamalo oimika magalimoto, tayi ikuuluka, akugogoda pa galasi la banja la ku West Africa lija. Anabwera nalo. Anabweranso ndi mnyamata wa kuchipatala uja, ndipo anawabwezera aliyense pamalo pake pamzere. Nthawi imeneyo ambuya anali atamaliza kuchonga, mwana wawo akuwathandiza monga malamulo amalolera. Makina atameza pepala lawo, anaima pakati pa holo ya sukulu ya ku Amereka naimba nthungululu yaitali. Mayi Dawson anayang'ana kudenga ngati sanamve. Ine misozi inatsika, ndipo sindinaipukute. Ndinali wonyada kuti ndinachokera dziko limodzi ndi kabambo ka chipewa kaja.

Maryland anatuluka wa buluu, monga mwa masiku onse. A pa TV analengeza malo ovotera atangotsekedwa, mavoti asanawerengedwe n'komwe. Voti ya ambuya sinasunthe kanthu pa mapu, ndipo iwo sizinawakhudze. Kasitika kawo anakamata pachikuto cha Baibulo.

Loweruka lotsatira galimoto ya Mayi Tembo inaima pakhomo pa a Kalimanjira. Anali atayenda mtunda wautali kukafuna nkhuku yamoyo ku famu, chifukwa anati kupepesa ndi nkhuku ya mufiriji n'kutukwana. Mzimayi wa maofesi a ku Foggy Bottom anagwada pa kapeti, tambala akupalapata m'khwapa.

"Ba tate, ninalakwa. Bwelani mutenge mwana wanu Madalitso, mubwele naye kwathu mwa mwambo."

"Dzukani mayi, mudetsa suti. Nkhoswe ya mbali yanu mwaipeza?"

"Ilipo."

"Basi ukwati ulipo."

Chinkhoswe chimenecho sichidzaiwalika msanga. A Kalimanjira analowa m'holo patsogolo pa gulu la kuchimuna, anthu onse ataimirira, ndipo omwe aja a moni wa m'mphuno ndi amene ankakankhana kuti awagwire chanza. Anavina pang'ono, mapewa okha, nkhope ili gwa ngati ali pa ntchito. Kuyambira pamenepo tebulo la kukhomo lija linasanduka likulu. Anthu ankakokera mipando kumeneko, ndipo dzina loti a Jaji linakhazikika mpaka ana obadwira kuno, amene Chichewa amangochimva osachiyankha, ankawatcha choncho. Amene ankati zinatha kale anayamba kuoneka pamzere, mwina chifukwa cha manyazi, pakuti a Jaji ankaona aliyense amene sanabwere ndipo Lamulungu ankamufunsa ngati anadwala.

Mkangano wawo ndi Mayi Tembo sunathe, unangosanduka wa pachibale. Mayiwo anapitirizabe ndi mabasi awo, ndipo bambowa ankawanena kuti amakalima munda wa eni kusiya wawo uli thengo. Mayiwo ankabwezera kuti munda wa kuno umabereka wokha. Chimene ankafunitsitsa kudziwa n'chakuti kodi a Jaji akalowa m'kachipinda kovotera amachonga mbali iti. Anayesa kuwanyengerera, anayesa kuwakola ndi mafunso, anatuma ngakhale Taonga. Yankho linali lomwe lija, kuti kalembera ndi wa boma koma voti ndi ya mwini. Pa maliro ndinawafunsa a Nabanda, poganiza kuti tsopano akhoza kuulula. Anaseka misozi ili m'maso, nati nawonso anafunsa mpaka anatopa.

Chisankho chapitachi chinali choyamba popanda a Jaji. Ndinafika pa sukulu paja m'mawa ndipo mzere unali utatuluka kale panja, kuzungulira mpanda, Chichewa ndi Chinyanja zikumveka uku ndi uku, aliyense akudziwa bwino lomwe mtundu umene Maryland atuluke nawo. M'holo munali fungo lomwe lija la mphira. Mayi Dawson anali pa mpando wawo, imvi zitachuluka. Pafupi nawo panaima Mayi Tembo, baji ya jaji wamkulu ili pachifuwa. Chaka chino sanakwere basi. Anapita kukachotsa dzina lawo ku chipani cha buluu n'kulembetsa ngati wopanda chipani kuti atenge mpando wachiwiri uja, zimene akuofesi anavomera. Kufiira kwenikweni anati mtima wawo sungafikeko, a Jaji awakhululukire.

Mpando wachiwiri unali pamalo pake, wachitsulo, wotuwa, utoto utasupuka pamsana. Panalibe chipewa. Mayi Tembo mawondo amawavuta masiku ano, ndipo ndinawaona akusinthanitsa miyendo, akutsamira tebulo, koma sanakhalepo. Bambo wina wovota, pofuna kumasula manja, anavula jekete kuti aliike pampandopo. Mayi Tembo anamugwira mkono mofatsa.

"Awe, not there. Pali ba Jaji apo."

Bamboyo anayang'ana mpando wopanda kanthu uja, anayang'ana mayiwo, nakoleka jekete lake paphewa. Mzere unasuntha, ndipo ine ndinafika pa tebulo n'kutchula dzina langa.